Mabuku Awiri a Maliro m'Dziko la Israel

Chaka chiri chonse, posendera tsiku lokumbukira akufa lotchedwa Yom HaZikaron, limene limagwa m'mwezi wa Epulo kapena wa Meyi, Boma la Israel limalengeza ziwerengero ziwiri. Choyamba chimatuluka ku Unduna wa Zachitetezo, ndipo ndicho cha asilikari, apolisi ndi ena onse amene anafa ali pa ntchito yoteteza dziko. Chachiwiri chimatuluka ku ofesi ya National Insurance Institute, imene imapereka ndalama za okalamba ndi za amasiye, ndipo ndicho cha anthu wamba amene anaphedwa ndi adani m'basi, pa msika, m'munda kapena m'nyumba zao. M'chaka cha 2023 buku loyamba linali ndi maina 24,213. Pofika chaka cha 2024 linali litapyola 25,000, ndipo buku lachiwiri, limene linali ndi maina oposa 4,000 pang'ono, linali litapyola 5,000.

Ambiri a awerengi athu ndi anthu osunga akaundula, ena a ana a sukulu, ena a msonkho ndi a malipiro, ndipo adziwa kuti buku liri lonse la Boma liri ndi munthu woliyankhira. M'dziko la Israel mabuku awiriwa achotsapo Nduna Yaikulu pa mpando, abwezapo gulu la nkhondo kuchokera ku dziko la eni, ndiponso atsegulapo zitseko za ndende kuti akaidi zikwi atuluke. Mphamvu yao ichokera pa pangano losalembedwa limene liri pakati pa Boma ndi anthu. Banja lipereka mwana wake ku usilikari akafika zaka 18, mnyamata ndi mtsikana yemwe, ndipo Boma lilonjeza kuti silidzataya moyo wa mwanayo pachabe, ndi kuti otsala kumudzi adzagona tulo. Buku la asilikari likakula popanda chifukwa chomveka, lonjezo loyamba lasweka. Buku la anthu wamba likakula, lasweka lachiwiri. Pa 7 Okutobala 2023 malonjezo onse awiri anasweka tsiku limodzi.

ZIMENE ZIRI M'MABUKUWO

Tiyambe ndi kalembedwe kake, pakuti ambiri amatchula chiwerengero cha 25,000 osadziwa chimene chiri m'kati mwake. Buku la asilikari siliyambira pa 1948, chaka chimene dziko la Israel linakhazikitsidwa, iai. Liyambira pa 1860, pamene Ayuda a ku Jerusalem anayamba kumanga nyumba kunja kwa linga la mzinda wakale. Muli alonda a midzi a m'nthawi ya ulamuliro wa Turkey, muli ankhondo a magulu obisika a m'nthawi ya Angerezi, mulinso msilikari amene anafa pa ngozi ya galimoto kapena ndi nthenda ali pa ntchito, ndi wopunduka pa nkhondo amene anamwalira patapita zaka zambiri. Tsono munthu woganiza kuti onsewo anagwa ndi chipolopolo cha mdani walakwa masamu.

Akufa a m'mabuku awiriwa sanalandire ulemu wofanana kuyambira pachiyambi. Lamulo losamalira mabanja a asilikari linakhazikitsidwa mu 1950, dziko liri ndi zaka ziwiri zokha, koma lamulo lalikulu lopereka chipukuta misozi kwa mabanja a anthu wamba ophedwa ndi adani linadza mu 1970. Tsiku la chikumbutso linalowa m'malamulo mu 1963. Madzulo lipenga lilira mphindi imodzi, m'mawa mwake nthawi ya 11 koloko lilira mphindi ziwiri, magalimoto naima pa mseu, anthu natuluka kukaimirira chete. Kwa zaka zambiri tsikuli linali la asilikari okha. Anthu wamba anawalowetsamo kumapeto a zaka za m'ma 1990, atachuluka ophedwa ndi mabomba m'mabasi, ndipo mabanja ena a asilikari sanakondwere nazo. Mwambo wa anthu wamba uchitika paokha, pa ola lina, ngakhale kuti phiri ndi limodzimodzi la Herzl ku Jerusalem. Kusiyanitsa kumeneku kuonetsa maganizo a dzikolo: imfa ya msilikari amaiyesa nsembe imene mtundu wapereka, pamene imfa ya mwana m'basi ya sukulu iri manyazi a Boma limene linalephera kumteteza.

Pa nkhondo yoyamba, ya 1948, Ayuda oposa 6,000 anafa, asilikari pafupifupi 4,000 ndi anthu wamba oposa 2,000. Nthawi imeneyo Ayuda m'dzikomo anali ngati 650,000, ndiye kuti anafa munthu mmodzi pa anthu 100 ali onse. Ena mwa iwo anali opulumuka ku misasa ya imfa ya ku Ulaya, amene anangotsika sitima nalandira mfuti. Pa nkhondo yomweyo Apalestina ngati 700,000 anathawa kapena kupitikitsidwa m'midzi yao, ndipo chilonda chimenecho sichinapole. Ngakhale maliro anali ochuluka chotero, Aisraeli ambiri sanafunse Bambo David Ben-Gurion kuti atule pansi udindo, pakuti anaona kuti popanda nkhondoyo dziko silikadakhalapo. Mu 1967 anafa asilikari ngati 800 m'masiku asanu ndi limodzi, koma chimwemwe cha kupambana chinaphimba misozi.

Zinthu zinasintha mu 1973. Pa 6 Okutobala, tsiku lopatulika la Yom Kippur, asilikari a Egypt anaoloka ngalande ya Suez ndipo akasinja a Syria analowa m'mapiri a Golan, Aisraeli ali chigonere. M'masabata atatu asilikari oposa 2,600 anafa, m'dziko la anthu ngati 3 miliyoni. Pomaliza pake gulu la nkhondo la Israel linali litaoloka ngalandeyo kulowa m'Egypt, ndiponso linali litayandikira Damascus, kotero akatswiri a zankhondo akuti linapambana. Koma mabanja sanawerenge mtunda umene asilikari anayenda, anawerenga manda. Mu Febuluwale 1974 kapitao wina wa asilikari, Bambo Motti Ashkenazi, amene anatsogolera linga lokhalo la pa Suez limene silinagwe, anakaima yekha ndi chikwangwani pa khomo la ofesi ya Nduna Yaikulu, kufuna kuti Nduna ya Zachitetezo, Bambo Moshe Dayan, achoke. Posachedwa anthu zikwi anaima naye.

Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Woweruza Wamkulu, Bambo Shimon Agranat, linatulutsa lipoti lake loyamba pa 1 Epulo 1974. Linapeza kulakwa pa mkulu wa asilikari onse, Bambo David Elazar, ndi pa mkulu wa akazitape a gulu la nkhondo, Bambo Eli Zeira, koma nduna linazimasula. Anthu sanavomere kuti mlandu ugwere ovala yunifolomu okha, ndipo pasanathe masabata awiri Mai Golda Meir anatula pansi udindo wa Nduna Yaikulu. Mu 1977 chipani chao, chimene chinalamula kuyambira 1948, chinagonja pa chisankho. Mu 1979 Israel anasaina pangano la mtendere ndi Egypt, navomera kubweza dziko lonse la Sinai. Zifukwa za zonsezi zinali zingapo, koma maina 2,600 aja anali pa tebulo pa nkhani iri yonse.

BUKU LIMODZI LIKOKA, LINA LIKANKHA

M'zaka zomwezo buku lachiwiri linali kukula mwa njira ina, pang'ono pang'ono koma mowawa. Mu Malichi 1954 anthu 11 anaphedwa m'basi pa Ma'ale Akrabim m'chipululu cha Negev. Mu Meyi 1970 basi ya sukulu ya mudzi wa Avivim inaomberedwa pafupi ndi malire a Lebanon, nafa anthu 12, ambiri a iwo ana. Mu 1972 amasewera 11 a Israel anaphedwa ku Munich. Mu Meyi 1974 ana a sukulu 22 anafa ku Ma'alot, kumene zigawenga zinawatsekera m'nyumba ya sukulu, ndipo mu Malichi 1978 anthu oposa 35 anaphedwa pa mseu wa m'mphepete mwa nyanja pakati pa Haifa ndi Tel Aviv. Tidziwa kuti amene Israel awatcha zigawenga, anthu a kwao ena amawatcha omenyera ufulu, ndipo ife a mu Afirika mau amenewa si achilendo kwa ife. Komatu woombera basi ya ana a sukulu wadzisankhira yekha dzina.

Apa pali chinthu chimene wowerenga ayenera kuchigwira, pakuti ndicho chimasulira ndale zambiri za dziko lija. Mabuku awiriwa sakokera mbali imodzi. Akachuluka maliro a asilikari m'dziko la eni, anthu afuula kuti ana abwerere kwao. Akachuluka maliro a anthu wamba m'kati mwa malire, anthu omwewo afuula kuti asilikari apite akamenye. Patangopita masiku atatu chichitikire mbanda ya pa mseu wa m'mphepete mwa nyanja, gulu la nkhondo linalowa kummwera kwa Lebanon. Motero buku lachiwiri lituma asilikari, ndipo asilikariwo akapita alembedwa m'buku loyamba, nalembetsanso maina ambiri koposa m'mabuku a anansi ao.

Nkhani ya Lebanon ndiyo ionetsa bwino kuzungulira kumeneku. Mu Juni 1982 Boma la Bambo Menachem Begin linatumanso asilikari, likunena kuti lifuna mtendere wa midzi ya ku Galileya imene inali kuomberedwa ndi mizinga. Anthu anauzidwa kuti asilikari adzalowa makilomita 40 okha, koma anakafika ku Beirut. Pofika 1985 anali atafa ngati 650. Otsutsa nkhondoyo anakhala usana ndi usiku pandunji pa nyumba ya Bambo Begin ndi bolodi lolembapo chiwerengero cha akufa, nasintha nambala tsiku liri lonse limene msilikari wagwa. Mu 1983 Bambo Begin anasiya ntchito nadzitsekera m'nyumba kufikira imfa yake. Asilikari anatsala m'kachigawo ka kummwera kwa Lebanon zaka zina 15, akumwalira ochepa ochepa m'manja mwa gulu la Hezbollah, ndipo dziko linakhala ngati lazolowera. Koma pa 4 Febuluwale 1997 mahelikopita awiri opita nao asilikari ku Lebanon anaombana m'mwamba, nafa anthu 73 usiku umodzi. Amai anai okhala kumpoto, amene ana ao anali ku Lebanon, anayamba kuima pa mphambano za miseu ndi funso limodzi, lakuti anawo alikufera chiani. Akulu a nkhondo anawaseka poyamba. Mu 1999 Bambo Ehud Barak anapambana chisankho atalonjeza kutulutsa asilikari, ndipo mu Meyi 2000 anatuluka. Pa zaka 18 Lebanon anadya asilikari a Israel oposa 1,200.

Miyezi inai yokha chitulukire ku Lebanon, gudumu linatembenuka. Pa kuukira kwachiwiri kwa Apalestina, kuyambira Seputembala 2000 kufikira 2005, Aisraeli ngati 1,000 anaphedwa, ndipo 7 pa 10 ali onse anali anthu wamba. Chida chachikulu chinali munthu wodzimangirira bomba m'chiuno, wolowa m'basi kapena m'nyumba yodyera. Mu Juni 2001 achinyamata 21 anafa pa khomo la malo ovinira ku Tel Aviv. M'mwezi wa Malichi 2002 wokha anafa anthu oposa 100, ndipo pa 27 mwezi womwewo anthu 30, ambiri a iwo okalamba, anaphedwa ali pa chakudya cha Paskha mu hotela ku Netanya. Patapita masiku awiri akasinja analowa m'mizinda ya West Bank, ndipo chaka chomwecho Boma linayamba kumanga mpanda ndi khoma zolekanitsa, zimene Bwalo la Milandu la Dziko Lonse ku The Hague linati mu 2004 n'zosemphana ndi malamulo chifukwa zidutsa m'malo a Apalestina. Mabomba anachepa ndithu. Apalestina oposa 3,000 anafa m'zaka zimenezo. Chinanso chimene chinafa, chosalembedwa m'buku liri lonse, ndicho chikhulupiriro cha Aisraeli ambiri chakuti mtendere ungapezeke mwa kukambirana. Zipani zimene zinaima pa mfundo imeneyo sizinadzukenso bwino.

ZAKA ZA CHIWERENGERO CHOCHEPA

Zitatha izi dziko linaika mtima pa makina. Pa nkhondo ya ku Lebanon ya 2006 anafa asilikari ngati 120 ndi anthu wamba 44, ndipo pafupifupi theka la anthu wambawo anali Aluya, mbadwa za Israel, pakuti roketi silifunsa mtundu. Mu 2011 anayamba kugwiritsa ntchito chida chotchedwa Iron Dome, chogwetsa maroketi asanafike pansi. Pa nkhondo ya ku Gaza ya 2014 anafa asilikari 67 ndi anthu wamba 6, pamene ku Gaza anafa anthu oposa 2,000. Mu Disembala 2021 anatsiriza mpanda wa makilomita 65 kuzungulira Gaza, wokhala ndi khoma la pansi pa nthaka, makamera ndi mfuti zoyendetsedwa ndi munthu ali patali. Ziwerengero zitachepa, atsogoleri a ndale ndi a nkhondo omwe anafika pokhulupirira kuti gulu la Hamas lachita mantha, ndi kuti nkhani ya Apalestina ingathe kungosungidwa kuseri kwa mpanda popanda kuithetsa. Buku lopanda maina atsopano analiyesa umboni wa mtendere.

M'nthawi yomweyo mtengo wa msilikari mmodzi unakwera kwambiri. Mu Okutobala 2011 Boma la Bambo Benjamin Netanyahu linamasula akaidi 1,027 kuti libweze msilikari mmodzi, Gilad Shalit, amene anakhala m'manja mwa Hamas zaka zisanu. Anthu ambiri anaombera m'manja, pakuti limeneli ndilo lonjezo loyamba lija, lakuti mwana wa munthu sadzasiyidwa. Mabanja ena a m'buku lachiwiri, amene akupha ana ao anali pa mndandanda wa omasulidwa, anapita ku bwalo la milandu kukakana, koma analephera. Mmodzi mwa otuluka tsiku limenelo anali Yahya Sinwar, amene anadzakhala mtsogoleri wa Hamas ku Gaza ndi mkonzi wa zimene zinachitika patapita zaka 12.

TSIKU LA 7 OKUTOBALA

M'bandakucha wa Loweruka, pa tsiku la chikondwerero cha Ayuda, ankhondo zikwi a Hamas ndi magulu ena anaboola mpanda uja m'malo ambiri. Pofika madzulo anthu ngati 1,200 anali ataphedwa: anthu wamba pafupifupi 800, m'kati mwao ana 36, asilikari oposa 300 ndi apolisi ngati 60. Ena 251, amoyo ndi akufa, anatengedwa kupita nao ku Gaza ngati chikole. Pa malo a chikondwerero cha nyimbo cha Nova, pafupi ndi Re'im, anafa anthu oposa 360. M'mudzi wa ulimi wa Be'eri anafa anthu ngati 100, mmodzi pa khumi ali onse a m'mudzimo. Ku Nir Oz, mudzi wa anthu ngati 400, munthu mmodzi pa anai ali onse anaphedwa kapena kugwidwa, ndipo kafukufuku wa gulu la nkhondo lenilenilo anapeza kuti asilikari anafika m'mudzimo achiwembu atachoka kale. Mphunzitsi wa masamu aone ichi: anthu wamba amene anafa tsiku limodzi limeneli aposa onse amene anafa m'zaka zisanu za mabomba a m'mabasi.

Lonjezo la kwa asilikari linaswekanso tsiku lomwelo. Pa msasa wa Nahal Oz panali atsikana a zaka ngati 19, amene ntchito yao inali kuyang'ana mpanda pa makanema usana ndi usiku. Kwa miyezi anali kunena kwa akulu ao kuti a Hamas alikuyeserera kuboola mpanda ndi kugwira anthu, koma mau ao sanamveke. Khumi ndi asanu a iwo anaphedwa, asanu ndi awiri natengedwa. Wogwira ntchito ya Boma ali yense amene analembapo lipoti kwa mkulu wake, lipotilo nkungogona m'kabati, adzamva kulemera kwa nkhani imeneyi.

Buku la anthu wamba la tsikulo si la Ayuda okha. Muli Aluya a mtundu wa Bedouin a ku Negev, muli antchito a m'minda a ku Thailand oposa 30, muli ophunzira zaulimi 10 a ku Nepal amene anaphedwa ku Alumim, ndi ophunzira awiri a ku Tanzania amene anali atangofika kumene kudzaphunzira ulimi. Antchito ambiri a ku Thailand atabwerera kwao ndi mantha, minda inasowa manja, ndipo mu Novembala 2023 ndege inanyamuka ku Lilongwe ndi achinyamata 221 a ku Malawi kupita kukagwira ntchito m'minda ya Israel. Chifukwa cha ichi mabuku amene tirikunenawa sali kutali ndi ife monga ena aganizira, pakuti lamulo lija la 1970 likhudza ndi mlendo yemwe amene analowa m'dzikomo mwa chilolezo.

Nkhondo imene inatsatira inatha zaka ziwiri. Asilikari oposa 300,000 amene anali atamaliza kale usilikari anaitanidwanso, kusiya masukulu, maofesi ndi masitolo ao. Pofika Okutobala 2025 asilikari akufa, kuwerengera ndi a pa 7 Okutobala, anali atapyola 900, ndipo Unduna wa Zachitetezo unali utalandira ovulala ngati 20,000, oposa theka la iwo ali ndi mabala a m'maganizo. Ena anafa ndi moto wa anzao. Pa 15 Disembala 2023 anyamata atatu ogwidwa chikole, amene anathawa natuluka ndi nsaru yoyera ku Shejaiya, anaomberedwa ndi asilikari a Israel amene anawayesa adani. Kumpoto anthu ngati 60,000 anachoka m'nyumba zao chifukwa cha maroketi a Hezbollah, ndipo pa 27 Julayi 2024 ana 12 a mtundu wa Druze anafa pa bwalo la mpira ku Majdal Shams. Mu Juni 2025, pa masiku 12 a nkhondo ndi Iran, mizinga inapha anthu ngati 30 m'mizinda ya Israel, pafupifupi onse anthu wamba.

Sitingathe kuwerenga mabuku a Israel ndi kutseka maso pa buku la tsidya lina la mpanda. Pofika Okutobala 2025 Unduna wa Zaumoyo wa ku Gaza, umene uli pansi pa Hamas, unali utalemba akufa oposa 67,000. Chiwerengerocho sichisiyanitsa wankhondo ndi munthu wamba, ndipo Boma la Israel linachitsutsa nthawi zambiri, koma mabungwe a United Nations amachigwiritsa ntchito, ndipo muli maina a amai ndi ana zikwi zambiri. Pa Muisraeli mmodzi wakufa panali Apalestina makumi angapo. Mai wa ku Be'eri sapeputsidwa chisoni ndi masamu amenewa, ndiponso mai wa ku Khan Younis satonthozedwa pouzidwa kuti nkhondo inayambira ku Be'eri. Koma wolamula dziko sangawathawe, pakuti ana amene akula pakati pa mabwinja amenewo ndiwo adzakhala anansi a Israel zaka 50 zirinkudza.

M'kati mwa Israel mwini, kukoka ndi kukankha kuja kunachitika nthawi imodzi, mwina m'nyumba imodzi. Mabanja a ogwidwa chikole anasonkhana sabata ndi sabata ku Tel Aviv kupempha kuti nkhondo iime, abale ao abwere. Mabanja ena, a asilikari amene anagwa ku Gaza, anati kuima Hamas asanathe ndiko kutaya mwazi wa ana ao pachabe. Panabukanso funso lakale la amene asenza katunduyu. Mu 1948 Bambo Ben-Gurion analola ophunzira chipembedzo ngati 400 kuti asalowe usilikari. Pofika 2024 anyamata otero anali zikwi makumi ambiri, ndipo pa 25 Juni chaka chimenecho Bwalo Lalikulu linagamula kuti palibe lamulo lowapatula. Bambo wa ana atatu amene waitanidwa ku Gaza kachinai salephera kuona kuti m'buku loyamba muli midzi ina yolembedwa kawiri kawiri, ndi ina yosaonekamo konse. Nkhondo inaima pa 10 Okutobala 2025, ndipo pa 13 ogwidwa amoyo 20 otsiriza anabwerera, Israel namasula Apalestina ngati 2,000.

WOYANKHIRA NDANI

Pa ntchito yolemba maina, dziko lija liribe lina lolipambana. Mitembo yopsa inazindikiridwa ndi mano ndi magazi, ndipo akatswiri ofukula zakale anaitanidwa kudzasefa phulusa la m'nyumba za ku Be'eri ndi Kfar Aza kuti banja liri lonse lipeze choika m'manda. M'nyumba ya chikumbutso imene inatsegulidwa pa phiri la Herzl mu 2017, msilikari ali yense ali ndi njerwa yake yolembedwa dzina ndi tsiku. Koma pangano lija silinali la kulemba maina kokha. Linali ndi mbali yachitatu imene inakhazikika mu 1974, yakuti akulu adzaima pamaso pa bwalo lofufuza nayankha.

Ovala yunifolomu anayankha. Mkulu wa akazitape a gulu la nkhondo, Bambo Aharon Haliva, anatula pansi udindo mu Epulo 2024. Mkulu wa asilikari onse, Bambo Herzi Halevi, anachoka mu Malichi 2025 atavomera poyera kuti gulu lake linalephera, ndipo mkulu wa Shin Bet, Bambo Ronen Bar, anachoka mu Juni chaka chomwecho. Koma bungwe lofufuza la mtundu wa Agranat, limene mwa lamulo la 1968 mamembala ake asankhidwa ndi Woweruza Wamkulu ndipo liri ndi mphamvu yoitana nduna, Boma la Bambo Netanyahu linakana kulikhazikitsa. Poyamba linati nkhondo ithe kaye. Pambuyo pake linati anthu ambiri sakhulupirira Bwalo Lalikulu, chifukwa cha mkangano wa pakati pa Boma ndi oweruza umene unagawa dziko mu 2023. Mau amenewa si opanda pake konse, pakuti mkanganowo unalipodi ndipo unali woopsa. Komabe nkovuta kumvetsa kuti munthu amene anali pa mpando pafupifupi zaka zonse kuyambira 2009, amene analola ndalama za ku Qatar kulowa ku Gaza kuti kukhale bata, ndiye akhale ndi mau pa kusankha omufufuza. Akulu anati mlandu suola, ndipo mabanja ofedwa a ku Nir Oz ndi Nahal Oz aonetsa kuti sali okonzeka kuuiwala.

Mu Disembala 2025 Nyumba ya Malamulo ya Knesset inavomereza pa gawo loyamba lamulo lokhazikitsa bungwe limene mamembala ake adzasankhidwa ndi andale, ndipo zipani zotsutsa pamodzi ndi mabanja ambiri ofedwa anakana kuligwira dzanja. Bungwe la Agranat linakhazikitsidwa pasanathe mwezi umodzi mfuti zitaleka kulira mu 1973. La Kahan, lofufuza kuphedwa kwa Apalestina ku Sabra ndi Shatila mu 1982, linakhazikitsidwa pasanathe masabata awiri, ndipo linachotsa Bambo Ariel Sharon pa Unduna wa Zachitetezo. Chaka cha 2025 chinatha, miyezi 26 chichitikire za pa 7 Okutobala, palibe nduna ndi imodzi yomwe imene inali italumbira pamaso pa bungwe lotero.